Mwana wanga walowa Sitandade 8: ndiyembekezere chiyani chaka chino?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Chinsapo, mumzinda wa Lilongwe, amene amagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Iwo alemba motere: "Mwana wanga woyamba, wamkazi, wazaka 13, wayamba Sitandade 8 mu Seputembala muno. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo bambo ake ali ku Joni, kotero za kalasi imeneyi sindidziwa kanthu. Anzanga ena akuti ndimulipirire patitaimu, ena akuti ndimusamutsire kusukulu yapulaiveti yogonera komweko kuti adzasankhidwe. Kodi ndiyembekezere chiyani chaka chino, ndipo ineyo ndingamuthandize bwanji?"

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mwachita bwino kufunsa chaka chidakali kumayambiriro. Pa zaka zimene ndinaphunzitsa Sitandade 8, ndiponso pamene ndinali mphunzitsi wamkulu, makolo ambiri ankafika ku ofesi kwanga m'mwezi wa Epulo, madzi atafika kale m'khosi, n'kumafunsa zimene akanayenera kufunsa mu Okutobala. Musadziderere chifukwa chakuti munalekezera Sitandade 6, pakuti ntchito yophunzitsa ndi ya aphunzitsi, pamene yanu ndi yoteteza nthawi ya mwana, thanzi lake ndi dzina lake, komanso kukonzekeratu kumene adzapite mayeso akadzatha, ndipo zimenezi palibe mphunzitsi amene angakuchitireni.

Dziwani kuti chaka cha Sitandade 8 n'chachifupi kuposa zaka zonse zimene mwana wanu waphunzira kufikira lero. Ana a makalasi ena amayamba mu Seputembala n'kutsekera mu Julayi atamaliza materemu atatu athunthu, koma a Sitandade 8, m'zaka zaposachedwapa, akhala akulemba mayeso a boma m'mwezi wa Meyi, teremu yachitatu itangoyamba kumene. Mukachotsapo tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka, masabata a mayeso a kumapeto kwa teremu, mayeso oyeserera otchedwa moko, ndiponso masiku amene mvula yamphamvu imalepheretsa ana kufika kusukulu, mupeza kuti nthawi yeniyeni yophunzira zinthu zatsopano ndi materemu awiri okha. N'chifukwa chake musadabwe mukaona mwana akudzuka m'bandakucha, akubwereranso kusukulu masana anzake ataweruka, nthawi zina ngakhale Loweruka limene. Aphunzitsi amakhala akuthamangitsa silabasi kuti ithe msanga, masabata otsalawo akhale obwereza zimene anaphunzira. Masiku enieni a mayeso amalengezedwa chaka ndi chaka ndipo amatha kusuntha, monga zinachitikira mu 2020 pamene Covid-19 inatseketsa sukulu m'mwezi wa Malichi, mayeso n'kudzayamba kumapeto kwa Seputembala, choncho muzimvetsera pawayilesi ndi kufunsa kusukulu m'malo modalira zimene zinachitika chaka chatha.

Mayeso amenewa amatchedwa PSLCE, ndipo amakonzedwa ndi kuchongedwa ndi bungwe la MANEB, limene likulu lake lili ku Zomba. Aphunzitsi a pasukulu ya mwana wanu sawaona mafunsowo mpaka tsiku lolemba, ndipo sachonga mapepala a ana awo. Mapepala ake alipo asanu ndi limodzi, ndipo amalembedwa m'masiku atatu: Chingerezi, Chichewa, Masamu, Sayansi imene imaphatikizapo Ulimi, phunziro la zachikhalidwe ndi malo limene ana amangoti Sosho pamodzi ndi la Baibulo kapena zipembedzo, ndiponso pepala la zaluso ndi Life Skills. Mafunso ake sachokera m'mabuku a Sitandade 8 okha. Ambiri amafuna zimene mwana anaphunzira kuyambira Sitandade 5, kotero makope akale a Sitandade 6 ndi 7 musawakulungire tomato kapena kuyatsira mbaula. Ngati adakalipo, asonkhanitseni lero lino, muwasunge pouma.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kuti muchimvetse kuposa zina zonse za m'kalasi. Kupatulapo pepala la Chichewa, mapepala ena onse amafunsidwa m'Chingerezi ndi kuyankhidwa m'Chingerezi. Ana athu m'sukulu za boma amaphunzira kwambiri m'Chichewa m'makalasi anayi oyambirira, kenako kuchokera Sitandade 5 maphunziro onse amatembenukira ku Chingerezi, ndipo ana ambiri amawoloka pamenepa mwachiphamaso chabe: amakopera notsi zapabolodi mwaukhondo, amaziloweza mpaka kuzinena pamtima, koma sadziwa chimene mawuwo akutanthauza. Ndinaphunzitsapo mnyamata wina amene ankatha kuwerengera chenje mwachangu kuposa ine, popeza madzulo aliwonse ankagulitsa mandasi a amayi ake padepoti, koma funso la Masamu lonena za kugula ndi kugulitsa likabwera m'ziganizo zitatu za Chingerezi, ankangoluma cholembera. Ndikamuwerengera funso lomwelo m'Chichewa, ankayankha ndisanamalize n'komwe. Chimene chinkamugwetsa mwana ameneyu chinali chiyankhulo, ngakhale pa lipoti lake pankaoneka ngati ndi wofooka pa Masamu, ndipo ana otere alipo ochuluka m'kalasi iliyonse ya Sitandade 8.

Apa ndi pamene inuyo mungathandize ngakhale Chingerezi simuchidziwa bwino. Madzulo aliwonse, nsima ikatha, muuzeni mwana awerenge mokweza ndime imodzi ya m'buku lake la Sayansi kapena la Sosho, kenako atseke bukulo, akufotokozereni m'Chichewa zimene wawerenga. Ngati angathe kukufotokozerani chifukwa chake mlimi amapanga mizere yopingasa pamalo otsetsereka, inu n'kumva bwinobwino, ndiye kuti wamvetsa. Ngati angobwereza mawu a Chingerezi omwewo, kapena kunena kuti "n'zovuta kuzinena m'Chichewa", dziwani kuti waloweza chabe, ndipo mawa akafunse aphunzitsi ake. Pa Masamu, geni yanuyo ndi kalasi yokwanira. Mukapikula dengu la tomato, mupatseni mwana mtengo wogulira, ndalama ya kabaza ndi ya tikiti ya pamsika, ndi ndalama zimene mwapeza pogulitsa, kuti akuwerengereni phindu kapena kuluza, ndiponso kuti phindulo ndi maperesenti angati. Mafunso a mtundu umenewu, pamodzi ndi a chiwongoladzanja, kuchotsera mtengo, ndi kuyeza kukula kwa munda kapena chipinda, ndi amene ana amaphunzira m'makalasi akuluakulu. Kamodzi pasabata muzitsegulanso makope ake. Simufunika kudziwa yankho kuti muone ngati ntchito ikulembedwa tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati cholembera chofiira cha aphunzitsi chikudutsamo.

Nkhani yofulumira, imene ikhoza kukufikirani teremu yoyamba yomwe ino, ndi yolembetsa mayeso. Sukulu imatumiza ku MANEB dzina la mwana aliyense, tsiku lake lobadwa, ndi chithunzi chimene chimaikidwa pa chiphaso cholowera m'chipinda cha mayeso, ndipo masiku ano zonsezi zimalowetsedwa pakompyuta. Pitani nokha kusukulu, mutanyamula chikalata cha kubadwa kwa mwanayo kapena khadi lake lakusikelo, mukaonetsetse kuti dzina lalembedwa molondola chilembo ndi chilembo, ndiponso kuti dzina la bambo ndi limene mukufuna kuti likhale lake moyo wake wonse. Ana ambiri a kuno kwathu amayenda ndi maina awiri kapena atatu, lina la kwa bambo, lina la kwa amalume, lina limene anapatsidwa kutchalitchi, ndipo mwana akafunsidwa yekha amatchula limene lamufikira pakamwa tsiku limenelo. Dzina lolembedwa tsopano ndi limene adzasankhidwire ku Fomu 1 ndi kupitirira nalo mpaka ku MSCE, mayeso a Fomu 4, ndipo kulikonza pambuyo pake kumadya nthawi ndi ndalama zoyendera. Sukulu ikaitana ana kuti atsimikizire maina awo pamndandanda, tsiku limenelo mwana asajombe. Pa ndalama iliyonse imene mungauzidwe kuti ikufunika, kaya ya chithunzi, ya moko kapena ina, funsani kwa ahedi kuti ndi ya chiyani ndipo yalamulidwa ndi yani, mulipire nokha, mulandire lisiti. Ndinaonapo mtsikana wina wanzeru amene ndalama yake yolembetsera anapatsira mchimwene wake kuti akapereke, ndalamayo n'kuthera panjira, ndipo nkhaniyo inadziwika mndandanda utatsekedwa kale.

Nthawi yolembetsa yomweyo ndi imene muyenera kunena ngati mwana ali ndi vuto la maso, la makutu kapena ulumali wina uliwonse, chifukwa MANEB imakonza mapepala a zilembo zikuluzikulu ndi a Braille kwa ana amene anatchulidwa pasadakhale. Mufunseni mwana ngati amaona bwino pabolodi. M'kalasi yodzaza, mwana wosaona patali amangokopera kwa mnzake, ndipo zaka zimatha aliyense akumuyesa waulesi.

Tsopano ndifike pamene pagona nkhawa yanu, pa mawu akuti "kusankhidwa". Kukhoza mayeso a Sitandade 8 ndi kusankhidwa kupita ku sekondale ya boma ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kholo limene silinauzidwe zimenezi limasweka mtima zotsatira zikatuluka. Kuyambira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo chakhala chikukwerabe, koma sukulu za sekondale sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Zotsatira zake n'zakuti, ngakhale ana ambiri olemba PSLCE amakhoza, kwa zaka zambiri osankhidwa akhala osafika theka la okhozawo. Mwana akhoza kukhoza bwinobwino, dzina lake n'kupezeka pamndandanda wa okhoza, koma malo osapezeka. Zikatero si ndiye kuti mwanayo ndi mbuli, ndipo si ndiye kuti wina wamulodza kapena wamubera malo. Mipando ndi imene yachepa.

Kusankhaku kumachitidwa ndi Unduna wa Zamaphunziro potengera malikisi a mwana ndi malo amene alipo, ndipo sukulu zake zili m'magulu. Pamwamba pali sukulu zimene zimatenga ana okhoza kwambiri kuchokera m'dziko lonse, monga Lilongwe Girls, Dedza Government, Blantyre Secondary ndi Mzuzu Government, pamodzi ndi sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma, monga Likuni Girls ndi Likuni Boys zimene zili kufupi ndi kwanuko. Kenako pali sukulu zogonera komweko za m'maboma, ndi zoyendera monga Bwaila ndi Chipasula mumzinda muno. Koma ana ochuluka kwambiri mwa osankhidwa amapita ku ma CDSS, sukulu zoyendera za m'madera, zimene kale zinali malo a MCDE, koleji ya boma ya maphunziro a patali, boma lisanazisandutse masekondale chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sukulu ya CDSS imatenga ana kuchokera ku mapulaimale oyandikana nayo. Ndikudziwa kuti mtima wa kholo lililonse umalakalaka Likuni kapena Lilongwe Girls, ndipo palibe cholakwika kumulimbikitsa mwana kuti alimbane ndi malo amenewo, koma musamanyoze CDSS pamaso pake, chifukwa mwina n'kumene adzapite, ndipo mwana amene wamva chaka chonse kuti kumeneko n'kwa olephera amakayamba Fomu 1 atagwa kale mphwayi. Chenjeraninso ndi aliyense amene angakuuzeni kuti ali ndi mnzake ku Capital Hill amene angalowetse dzina la mwana pamndandanda mukapereka kangachepe. Anthu otere amachuluka zotsatira zikayandikira, ndipo amadyera pa mantha a makolo.

Pa malangizo a anzanu oti mumusamutse, ine ndikuti ayi, pokhapokha pakhale vuto lenileni pasukulu imene ali, monga kuzunzidwa kapena kusowa kwa mphunzitsi kwa nthawi yaitali. Kusamutsa mwana m'chaka chachifupi chotere kumamudyera masabata angapo pozolowera aphunzitsi atsopano, anzake atsopano ndi malo ogona atsopano, ndipo mukamusamutsa atalembetsa kale mayeso mumadzipalira mavuto ena, chifukwa dzina lake limakhala lili pasukulu yakale. Sukulu zapulaiveti zilipo zabwino ndithu, koma ziliponso zimene kukongola kwake kumathera pa chikwangwani cha pamsewu, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ndiponso ganizirani za chaka chamawa. Ndalama imene mungathere pa materemu atatu a sukulu yogonera ndi yomweyo imene mudzaifune mu Seputembala wa chaka chamawa pogula yunifolomu, nsapato, makope, mwinanso matiresi ndi sutikesi ngati mwana adzasankhidwe kutali, kapena fizi ngati sadzasankhidwa. Ndaonapo makolo amene anagulitsa katundu kuti mwana akhoze Sitandade 8, mwana n'kusankhidwadi, koma ya basi yomuperekezera n'kusowa.

Palinso mchitidwe wina umene umafala mayeso akayandikira, wogoneka ana a Sitandade 8 m'makalasi kapena m'nyumba zalendi pafupi ndi sukulu kuti aziwerenga usiku. Cholinga chake chimaoneka chabwino, koma kwa mwana wamkazi wazaka 13 musavomere musanapite nokha kukaona pamene azigona, amene aziwayang'anira usiku, kumene azisamba, ndi chimene azidya. Ngati palibe mayi wodalirika wogona nawo, mwanayo agone kwanu.

Nkhani ya patitaimu ndi yovutirapo, ndipo sindikubisirani kuti ine ndili ndi maganizo awiri pa iyo. Mwana amene ali ndi dzenje lodziwika, mwachitsanzo amene samvetsa mafulakishoni kapena satha kulemba kalata ya Chingerezi, amathandizikadi akapeza munthu wokhala naye pansi m'kagulu kochepa. Koma patitaimu yambiri imene ndaiona ndi kalasi yomwe ija ya m'mawa, ana odzaza chipinda, otopa ndi anjala, akukopera notsi zina pamwamba pa notsi zimene sanazimvetse. Musanalipire, kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake, mumufunse kuti mwana wanu amafooka pati kwenikweni. Mphunzitsi wabwino amakuuzani mutu weniweni wa phunziro, ndipo mukadziwa mutuwo mukhoza kupeza kuti mwana wa Fomu 3 woyandikana naye nyumba angamuthandize pa ola limodzi Loweruka lililonse. Pemphaninso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, amene sukulu zambiri zimasunga, kuti mwana azolowere kafunsidwe ka MANEB ndi kulemba moyang'ana nthawi. Ndipo ngati mungamve kuti mitu ina ya silabasi ikuphunzitsidwa kwa okhawo olipira, imeneyo ndi nkhani yokatula kwa ahedi, ku komiti ya sukulu kapena ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo ikakanika kumeneko, kwa a PEA amene amayang'anira sukulu za m'zoni yanu.

Chimene chimagwetsa atsikana ambiri chili pakhomo pomwepo. Mwana woyamba wamkazi, makamaka m'nyumba imene bambo ali kutali ndipo mayi amalawirira kukapikula, ndiye amene amatunga madzi kukiyosiki, kusesa, kusambitsa azing'ono ake, kuphika, ndi kulondera benchi mayi akachokapo. Sindikunena kuti asiye ntchito zonse, pakuti mwana wosagwira ntchito pakhomo naye amakula mopotoka, koma chaka chino muchepetse, ndipo ngati pali anyamata m'nyumbamo, nawonso agwire chidebe ndi tsache. Muikireni maola awiri odziwika tsiku lililonse amene palibe womutuma, ngakhale mchere utatha. Tochi kapena kanyale kasola n'kofunika kuposa buku lachisanu la mafunso ndi mayankho, chifukwa magetsi akazima kuwerenga kusaime. Koma asamachezere usiku wonse. Mwana wogona maola anayi amakhala m'kalasi thupi lokha.

Teremu yachiwiri, kuyambira Januwale mpaka chakumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, ndiyo yolemetsa kwambiri, ndipo imagwera m'nyengo imene chimanga chimakwera mtengo, udzudzu umachuluka, ndipo misewu ya m'makwalala imasanduka matope. Ndi m'miyezi imeneyi mmene aphunzitsi amamalizira silabasi, ndipo ndi momwemonso mmene ana amajomba kwambiri. Yesetsani kuti asapite kusukulu m'mimba muli pululu, ngakhale ndi phala kapena mbatata yotsala dzulo, ndipo ngati akubwerera masana, anyamule kanthu. Azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo thupi likangotentha mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe malungo, m'malo momugulira panado kugolosale n'kumadikira, chifukwa sabata imodzi yogona pamphasa mu Febuluwale ndi mitu ingapo ya Masamu imene sadzaibwerezanso mokwanira. Achibale akumudzi akapempha kuti mwana apite kukathandiza kupalira kapena kusoka fodya, muwauze mwaulemu kuti chaka chino sizitheka.

Pa msinkhu umenewu mwana wanu mwina watha msinkhu kale kapena ali pafupi. Mulankhule naye nokha, kapena kudzera kwa azakhali ake kapena mlangizi wa kumpingo amene mumamukhulupirira, asanamve kwa anzake. Atsikana ambiri amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa chosowa zodzitetezera akakhala kumwezi ndi kuopa kusekedwa, ndipo manyazi sawalola kunena. Muonetsetse kuti ali ndi mapadi kapena nsalu zoyera zokwanira, ndipo mumudziwitse za gulu la amayi, la Mother Group, limene limapezeka m'sukulu zambiri za boma pofuna kuthandiza atsikana pa nkhani zoterezi. Mudziwenso njira imene amadutsa ndi anthu amene amayenda nawo pobwera madzulo. Akayamba kubwera ndi zinthu zimene simunamugulire, kaya sopo wonunkhira, kaya foni, mufunseni modekha koma osalekerera.

Chakumapeto kwa teremu yachiwiri kapena pafupi ndi pamenepo kumakhala mayeso a moko, amene nthawi zambiri sukulu za m'zoni imodzi zimalemba pamodzi. Zotsatira zake siziwerengeredwa pa mayeso a MANEB, ndipo phindu lake lili pa kuonetsa pamene padakali pofooka nthawi idakalipo. Mwana akabwera ndi malikisi otsika, musathamangire chikwapu kapena kumuyerekeza ndi mwana wa aneba. Mufunseni abweretse mapepala ake, muone naye limodzi ngati analephera chifukwa chosadziwa, chosamvetsa funso, kapena kutha kwa nthawi, pakuti matenda atatuwa mankhwala ake ndi osiyana.

Mayeso akayandikira mudzamva mphekesera za mapepala obedwa, ena akugulitsidwa pa WhatsApp, ndipo ana amauzana za likasa. Muuzeni mwana wanu momveka kuti asakhudze zimenezi. Ambiri mwa mapepala amenewa ndi abodza, ndipo mwana amataya masiku omaliza akuloweza mayankho a mafunso amene sadzabwera. Kubera mayeso ndi mlandu pamalamulo a dziko lino, ndipo wogwidwa zotsatira zake zimafafanizidwa. Mukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021.

Pa masiku atatu a mayesowo, dziwani pasadakhale kumene akalembere, chifukwa nthawi zina sukulu zingapo zimasonkhanitsidwa pamalo amodzi, ndipo oyang'anira mayeso amachokera kusukulu zina. Ngati malowo ndi achilendo, mupite naye tsiku lina akawaone. Chiphaso chake, zolembera ziwiri, pensulo, rula ndi zida za Masamu zikhale m'chikwama usiku wake. Adye chakudya chimene anachizolowera, afike nthawi idakalipo, ndipo akabwerako musamufunse mafunso ambiri za pepala limene lapita. Akadwala m'mawa wa mayeso, dziwitsani ahedi nthawi yomweyo, musangomugoneka kunyumba.

Chimene makolo ambiri sachiganizira n'chakuti mayeso akatha mu Meyi, mwana amakhala pakhomo mpaka Seputembala, miyezi pafupifupi inayi yopanda belu, yopanda yunifolomu, yopanda mphunzitsi womufunsa kumene anali dzulo. Atsikana amene ndinawataya pa zaka zanga zonse za uphunzitsi, ambiri ndinawataya m'miyezi imeneyi, ndipo ena mwa iwo maina awo anatuluka pamndandanda wa osankhidwa iwo ali kale ndi pakati kapena atalowa m'banja. Malamulo a dziko lino, kuchokera pamene Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo ndondomeko ya boma imalola mtsikana amene wabereka kubwerera kusukulu, koma ndi ochepa amene amabwereradi mosavuta. Konzeranitu chimene mwana azidzachita: akuthandizeni pageni muli naye pafupi, aphunzire kusoka kapena luso lina, abwereke mabuku a Fomu 1 kwa amene anatsogola, ndipo mukapeza ya minibasi mupite naye ku laibulale ya National Library Service ku City Centre. Mukafuna kumutumiza kumudzi kutchuthi, mudziwe bwino amene akamusunge ndi zimene zikachitike kumeneko.

Zotsatira zimalengezedwa chaka chatsopano cha sukulu chisanayambe, ndipo mndandanda wa okhoza ndi osankhidwa umafika kusukulu ndi ku maofesi a zamaphunziro. Ngati dzina lake silidzapezeka pa osankhidwa, njira sizinathe. Unduna umatulutsanso mndandanda wachiwiri wodzaza malo a ana amene sanapite kumene anasankhidwira, choncho muzidzafunsabe kwa ahedi masabata oyambirira a teremu. Masekondale ambiri a boma ali ndi sukulu ya masana, imene anthu amati open, kumene ana osasankhidwa amaphunzira molipira m'makalasi omwewo anzawo akaweruka, ndipo amalemba mayeso a MANEB omwewo. Palinso masekondale apulaiveti, koma musanapereke ndalama mufunse ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku Unduna ndiponso kumene ana ake amalembera mayeso. Kubwereza Sitandade 8 ndi njira imene mabanja ambiri amasankha, ndipo kwa mwana wazaka 13 amene waphonya pang'ono, amenenso iye mwini akufuna, ikhoza kuthandiza. Koma kubwereza kachiwiri kapena kachitatu kumamukulitsa mwana m'kalasi ya ana, ndipo atsikana ambiri amatopa n'kusiyira pomwepo. Ena adzakulangizani kuti pobwereza mumusinthe dzina kapena mumuchepetsere zaka, monga ankachitira anthu kale. Musatero, chifukwa masiku ano satifiketi imayenera kugwirizana ndi chiphaso cha unzika, ndipo alipo akuluakulu ambiri amene mpaka lero akuyendera maofesi kuti akonze dzina limene anabwereka ali mu Sitandade 8.

Popeza bambo ake ali ku Joni, mukambirane nawo mwezi uno, kuti pa ndalama iliyonse imene atumize muzipatulapo kangachepe ka Fomu 1, kaya kubanki m'khonde kapena pafoni, ndipo kasakhudzidwe mpaka zotsatira zitatuluka. Sabata ino, tsiku limene msika suyenda kwambiri, mupite kusukulu ndi khadi lakusikelo lija, mukadziwane ndi mphunzitsi wa Sitandade 8, mumusiyire nambala yanu ya foni, ndipo mumufunse tsiku limene kulembetsa mayeso kudzatsekedwe.